Khadi la NyaShaba

Chaka cha 1991, pa Boma la Mzimba makompyuta adali ochita kuloza ndi chala, ndipo imodzi inkakhala m'kaofesi ka mpingo, itafunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi. Idabwera ndi mzungu wina wodzipereka amene adayamba kulemba pulogalamu yosindikizira makhadi a mgonero, kenaka n'kubwerera kwawo ntchito ili pakatikati. Adasiya kabokosi ka madisiki ndi anthu anayi oti apitirize. Palibe amene ankalandirapo kanthu. Ankakumana Loweruka masana, aliyense ndi chinangwa chake m'thumba, n'kumakangana mpaka dzuwa kupendeka.

Wapampando adali Kingstone Jere, kalaliki wa pa boma, mnyamata wosita malaya mpaka kolala kuima yokha. Padali a Bestone Nyirenda, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankalemba pa makinawo ndi chala chimodzi. Padali Malizani Kalumbu, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Dowa, yekhayo wodziwa kulowa m'mimba mwa pulogalamuyo n'kusintha zam'kati. Wachinayi adali Marjory Tembo, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo gawo lake lidali kumva madandaulo a olandira makhadiwo n'kuwatula pa tebulo.

Lamulo lawo lidali limodzi: palibe kusintha kanthu mpaka onse anayi atavomereza. Sankawerengana manja. A Bestone ankati kukweza manja kumasiya wina ndi chilonda, komanso masiku amenewo nkhani za mavoti munthu wanzeru ankazilambalala. "Mutu umodzi susenza denga," ankatero, ndipo nthawi zina dengalo linkatha mwezi wathunthu lili pansi.

Zinazo mwaziganizira kale. Anthu awiri sangawerame pa kompyuta imodzi chaka chonse mitima osagundana. Marjory ndi Malizani adali atagwirizana kuti mwezi ukatha, thenga, munthu wokawafunsira ukwati, apite kwa makolo a Marjory ku Engutwini. Zonse zinkayenda bwino mpaka Lamlungu lija Malizani adadzipereka kuperekeza makhadi atsopano kumudziko, ati akaoneretu njira.

* * *

Mkulu wa mpingo wogawa makhadi adali ataiwala mandala ake kunyumba. Ataona mlendo wa taye, adamupatsa mtolo wonse kuti awerenge. Malizani adaimirira, nayamba kuitana mayina monga momwe makina adawasindikizira. Abambo adalandira awo bwinobwino. Atafika kwa amayi, m'tchalitchi mudayamba kuzizira. Mayi aliyense ankanyamuka mochedwa, nkhope ili pansi, n'kulandira khadi ngati akulandira khala la moto. Wowerengayo sadaone kanthu, maso adali pa mapepala.

"Eneless Tembo!"

Zii.

Poganiza kuti mwini dzina ndi wovutika kumva, mwana wa ku Dowa adakweza mawu. "E-ne-less Tembo!"

Marjory, ali pakati pa akwaya, adaponya maso kutsogolo. Amayi ake adali pa benchi lakutsogolo, manja pa Baibulo, maso pa khoma. Sadanyamuke.

Kumeneko mayi wamkulu satchulidwa dzina lake la paubwana. Amaitanidwa ndi chiwongo, dzina la mtundu wa atate ake, patsogolo pake n'kuikapo Nya. Amayi a Marjory adali NyaShaba, ndipo Tembo lidali la amuna awo, osati lawo. Ngakhale a Chikomeni Tembo eniake, zaka zonse za banja, sadayerekezepo kunena kuti Eneless pagulu. Lero dzinalo lidatuluka m'kamwa mwa munthu wofuna kukhala mkamwini, m'nyumba ya Mulungu, mudzi wonse ukumva.

Madzulo ake NyaShaba sadakalipe. Ankatongola chimanga pakhonde, osayang'ana mwana wawo.

"Eneless amene amaitanidwa ujayo ndinamusiya kwa a Shaba tsiku limene ndinakwatiwa," adatero. "Kuno kulibe. Umuuze mnyamata wakoyo kuti thenga wake asavutike ndi ulendo. Mbwenu, ndatha."

* * *

Marjory ndi Malizani adakumana pakati pa sabata, kunja kwa msika. Malizani adali ataiwala khadi la chipani m'thalauza lina, choncho anyamata a pachipata sakadamulola kulowa. Adagula chimanga chootcha kwa mayi wa m'mbali mwa msewu, nachithyola pakati. Marjory adalandira gawo lake n'kungoligwira.

"Ine sindimadziwa, Marjory. Kwathu dzina ndi loitanira basi."

"Ndipo iwe ungaime pagulu n'kuitana amayi ako ndi dzina lawo?"

Malizani adakanda kumutu. "Ayi. Amenewo ndi a Nabanda."

"Ndiye chavuta n'chiyani kumvetsa?"

Za a Nabanda Marjory ankazidziwa kale. Chibwenzi chisanapite patali adamufunsa chiwongo chake, monga amachitira mtsikana aliyense wolera bwino kumeneko, pakuti anthu a chiwongo chimodzi ndi abale ndipo sakwatirana. Malizani adayankha kuti ku Dowa mwana ndi wa amayi, ndiye iye ndi wa kwa Banda. Mtima wa Marjory udakhala pansi tsiku limenelo, ndipo sadafunsenso.

"Tamvera," adatero Malizani, atatsitsa mawu. "Makiyi a ofesi ndili nawo. Mawa m'mawa ndilowe, ndisinthe khadi la amayi lokha, ndilembepo NyaShaba. Ntchito ya kanthawi kochepa. Uwapititsire Lachisanu, nkhani ithe."

Marjory adayesedwa, sitikana. Ankamukonda mnyamatayu, ndipo mwezi unkatha. Koma adapukusa mutu.

"Ukatero, amama adziwa kuti wakonza chifukwa ukufuna mwana wawo. Nanga amayi ena aja unawatchula? Iwo alibe ana aakazi oti uwafune, ndiye akhale choncho? Komanso lamulo lathu ukulidziwa. Ukalowa wekha, Kingstone adzakudyera pomwepo."

"Kingstone sangavomere kusintha. Akudziwa kuti zikakhala chonchi, ine ndatha."

"Ndiye tikamuvute Loweruka," adatero Marjory, n'kuluma chimanga chija koyamba. "Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo."

* * *

Kingstone Jere sadali munthu woipa. Adali munthu wokonda mtsikana amene sankamukonda, ndipo matenda amenewo amaipitsa ngakhale akwaya. Mtsikanayo adali Marjory, ndipo NyaShaba ankafuna kwambiri Kingstone akhale mkamwini wawo, poti adali wa komweko, wodziwa kugwada ndi kuwomba m'manja pamalo pake. Loweruka limenelo adabwera atapesa mzere m'mutu, nkhani ya ku Engutwini ataimva kale kwa anthu a m'basi.

Marjory adatula dandaulo lake: makina ali ndi malo awiri okha, a dzina loyamba ndi a dzina la mwamuna, ndipo amayi akumudzi akuona ngati avulidwa duku pagulu.

"Odandaula ndi angati?" adafunsa Kingstone modekha. "Pa Boma pano palibe wabwera. Amayi akuno akukondwa kuona dzina la amuna awo pa khadi. Komanso tiganize bwino. Ku Engutwini kokhako a NyaJere ndi osawerengeka. Tikalemba NyaJere, NyaJere, NyaJere, khadi la uyu lipita kwa uyo, woimitsidwa mgonero adya, woyenera kudya abwezedwa. Mipingo ya kumalire a Kasungu tinaitumizira madisiki omwewa. Tisokoneze onsewo chifukwa cha Lamlungu limodzi?" Apa adayang'ana Malizani. "Ine ndikuona kuti vuto si pulogalamu. Vuto ndi pakamwa pa wowerenga."

Chopweteka chidali chakuti theka la zimene adanenazo zidali zoona. Marjory adayang'ana bwenzi lake, akuopa kuti apsa mtima.

"Pakamwa panalakwadi," adatero Malizani. "Safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya. Koma mawu ndinatchulawo anandipatsa ndi makinawa. Mawa adzapatsa mlendo wina."

A Bestone adamaliza kaye kutafuna chinangwa chawo, poti sankalankhula chakudya chili m'kamwa ngakhale nyumba ikupsa.

"A Jere, mwafunsa kuti odandaula ndi angati. Amayi akwathu akakhumudwa sabwera kuofesi kudzanena. Amangoleka kubwera ku mgonero, ife n'kumati ndi ulesi. A kunyumba kwanga khadi lawo analipinda, dzina lili m'kati, n'kulibisa pansi pa dengu. Ine ndimayesa akulisunga bwino." Adapukuta m'manja. "Koma za a NyaJere ochulukawo mwanena zoona. Ine sindingavomere kusintha lero, sindingavomerenso kusiya choncho. Makhadiwa si athu. Tiyeni tikafunse eniake."

Kingstone adaganiza pang'ono. "Yewo, adada. Tipite pa tsiku la umanyano, amayi onse a chigwirizano atasonkhana. Koma timvane. Akakagwirizana chimodzi, tisintha. Akakasiyana maganizo, zikhala momwe zilili."

Onse adavomera. Marjory adavomera komaliza, mtima uli m'mwamba, chifukwa amayi akwawo ankawadziwa. Sadagwirizanepo ngakhale za mtundu wa duku.

Potuluka, Kingstone adamupeza akumasula njinga yake pa mtengo.

"NyaTembo," adamuitana mwaulemu wonse, kuti kusiyana kumveke. "Ine sindikulimbana nawe. Ndikungodabwa. Munthu amene ukumuphunzitsa dzina la amama lero, mawa udzamuphunzitsa chiyani? Ukwati si sitandade wani."

"Ana a sitandade wani amaphunzira msanga, a Jere," adayankha Marjory. "Ovuta ndi amene amati akudziwa kale."

Adakwera njinga n'kupalasa. Mawu a Kingstone adamulowa ndithu, ngakhale adawayankha bwino.

* * *

Amayi a umanyano adakhala pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi cha ku Engutwini, atavala mabulauzi oyera. Alendo anayi aja adapatsidwa benchi. Malizani adasankha kumapeto kwenikweni, kutali ndi NyaShaba, maso pa nsapato zake.

A Bestone adafotokoza chimene adadzera, ndipo sipadatenge nthawi kuti zimene Marjory ankaopa zichitike.

"Ine ndine NyaMoyo, ndidzafa NyaMoyo," adatero mayi wina wachikulire. "Dzina linalo ndi la pa ubatizo, alidziwe Mulungu ndi abusa."

"Ife zimenezo chara, sitikuzifuna," adayankha Christobel, mkazi wachitsikana wa mphunzitsi. "Ine ndinakwatiwa pa tchalitchi, mphete iyi. Palembedwe dzina la amuna anga, anthu adziwe."

Wina adati amakonda kuitanidwa anyina Gordon, ndi dzina la mwana wake woyamba. Wina, wamasiye, adati dzina la malemu amuna ake likatchulidwa limamutsegula chilonda. Phokoso lidakula, ena m'Chitumbuka, ena m'Chichewa kuti alendo amve. Kingstone adapinda manja pachifuwa, nkhope ili phee. Sadaseke, koma Marjory adaona phazi lake likuvina pansi pa benchi.

Marjory adayang'ana amayi ake mowapempha ndi maso. NyaShaba adali asanalankhule chiyambire. Adakonza chitenje pa maondo, ndipo anzawo adakhala chete.

"Ine ndili ndi funso kwa a Nyirenda," adatero. "Makina anuwo, kodi ali ngati chidindo, choti chikadinda apa chidindenso chimodzimodzi apo?"

A Bestone adatembenukira kwa Malizani. Mnyamatayo adatsika pa benchi, nakhala chonjuta, n'kuyankha akuyang'ana kwa a Bestone, osati kwa amayiwo.

"Ayi, bambo. Tingawonjezere malo achitatu, a dzina limene munthu akufuna kuitanidwa nalo. Dzina la ubatizo likhale m'kati mwa makina, losatuluka. Pa khadi patuluke limene mwiniwake wasankha."

"Ndiye bwanji mukutikanganitsa?" adatero NyaShaba. "Funsani aliyense payekha."

"Tinagwirizana kuti akasiyana maganizo sitisintha," adakumbutsa Kingstone.

"Zoona," adatero a Bestone. Kenaka adakweza mawu. "Amama nonse, alipo wokana kuti aliyense asankhe yekha dzina la pa khadi lake?"

Padalibe. Ngakhale Christobel adati bola lake lisakhudzidwe.

"Ndiye agwirizana chimodzi, a Jere."

Kingstone adatsitsa manja pachifuwa paja. Ukalaliki ndi nsanje zidalimbana m'mutu mwake, ndipo ukalaliki udapambana. "Ngati n'choncho," adatero mouma, "pakhale nambala pakona pa khadi lililonse, ndi dzina la mudzi. Apo ayi a NyaJere atisokoneza. Ndipo a kumalire tiwatumizire disiki yatsopano ndi mawu, asankhe okha kuilandira kapena ayi."

"Mwatithandiza, a Jere," adatero Malizani, ndipo adanena kuchokera pansi pa mtima.

Marjory adayenda pakati pa amayiwo kufunsa mmodzimmodzi. Atafika pa amayi ake adagwada.

"Amama, palembedwe chiyani?"

"Ukufunsa ngati sukundidziwa."

"Tinagwirizana kuti aliyense afunsidwe."

NyaShaba adayang'ana kumapeto kwa benchi kuja, kumene mnyamata wa ku Dowa adali chinjutire. "Lemba NyaShaba," adatero. Za thenga sadanene kanthu, koma sadabwerezenso mawu aja oti asabwere.

* * *

Ntchitoyo idadya Maloweruka angapo. Malizani adasintha zam'kati, a Bestone adalemba mayina ndi chala chawo chija, Kingstone adalondola manambala ake ngati mwini ng'ombe akuona khola. Mgonero wotsatira utayandikira, makhadi atsopano adapita ku Engutwini. Mkulu wa mpingo uja tsopano adali ndi mandala ake, komabe adapereka mtolo kwa Malizani, ati amene adagwetsa mtsuko ndiye atole.

"Amama NyaShaba, a kwa Chikomeni."

NyaShaba adanyamuka. Adayenda mosafulumira, nalandira khadi ndi manja awiri. Marjory adaimba nyimbo yotsatira mokweza kuposa akwaya onse, mpaka mnzake adamugunda ndi chigongono.

Mapemphero atatha, a Bestone adatsogolera Malizani kunyumba kwa a Tembo, nkhuku ya chipepeso ili m'khwapa. Kingstone adatsatira, ati akudikira basi yomweyo. A Chikomeni adalandira alendo pakhonde. NyaShaba adakhala pa mphasa chapatali, atapereka mbali, monga amakhalira mayi pamaso pa munthu amene angadzakhale mkamwini wake. Marjory ataona kakhalidwe kameneko, chimwemwe chidamudzaza mpaka adathawira kukhitchini kukamwetulira yekha.

A Bestone adapereka nkhuku ndi mawu ake. A Chikomeni adayang'ana akazi awo.

"Nkhuku talandira," adatero NyaShaba. "Mwana akaponda mbale mosadziwa sitimudula mwendo. Thenga abwere, tidzamumva."

Marjory, ali pakhomo la khitchini ndi kapu ya madzi, adatsala pang'ono kuitaya.

"Koma ndikufuna ndimuthokoze mnyamatayu mwa kwathu," adapitiriza NyaShaba. "Wandibwezera dzina langa, ndimubwezere lake. Kuno sitingoti yewo basi. Timati yewo Jere, yewo Nyirenda. Kalumbu si chiwongo. Ndimuthokoze ndi chiyani?"

"Ndi a Banda, amama," adafulumira Marjory.

"Banda ndi amayi anga," adatero Malizani mwaulemu.

"Ife timafunsa cha atate," adatero a Chikomeni.

Nkhope ya Malizani idawala, ngati mwana wa sukulu amene wafunsidwa funso lomwe akulidziwa. Iye ankayesa kuti akubweretsa mphatso.

"Ooh, cha atate! Kwathu sitichitchula kawirikawiri, moti ndinali nditachiiwala. Kalumbu linali dzina la agogo anga aamuna, obereka atate. Iwo anachokera kuno kumpoto, n'kukakwatira ku Dowa. Atate ankati ife kwenikweni ndife a Tembo." Adaseka pang'ono. "Mwina n'chifukwa chake ndikumva ngati ndafika kwathu."

Nkhuku ija idalira pansi pa mpando. A Bestone adavula chipewa chawo n'kuyamba kuyang'ana m'kati mwake. Kingstone adayang'ana kumsewu, ndipo nthawi ino phazi lake silidavine. A Chikomeni Tembo adamuyang'anitsitsa mnyamatayo, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati akufunafuna nkhope ya munthu wina.

NyaShaba adatembenuka. Adasiya kupereka mbali, namuyang'ana Malizani maso ndi maso, mwachifundo, monga mayi amayang'anira mwana wa pakhomo. Adawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Yewo chomene, Tembo," adatero. Kenaka adaitana mwana wawo. "NyaTembo, bwera nawo madziwo. Umupatse mdumbu wako, wayenda ulendo wautali."

Marjory adapita pamene padali Malizani. Adagwada, napereka kapu. Malizani adailandira akumwetulirabe, n'kuwerama pang'ono kuti ena asamve.

"Taona, zatheka," adanong'ona. "Koma ndiphunzitse, ndisalakwenso. Mdumbu ndiye kuti chiyani?"

Marjory adayang'ana madzi a m'kapumo.

"Mlongo," adatero.